Ku Chinguluwe Amayamba Awerenga Asanapopere

Msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima ndi wotalika makilomita pafupifupi 100. Galimoto ikapitirira Mvera ndi kuyamba kutsetsereka zitunda za ku Dowa, kamphepo kozizira ka kumtunda kamatsalira m'mbuyo, ndipo apaulendo amayamba kuvula majuzi mmodzimmodzi. Posakhalitsa dziko limayalika ngati mphasa. Milambe ikuluikulu imaonekera m'minda, mitengo ya mango imachita mthunzi pa makomo, ndipo mbuzi zimadutsa msewu mosalabadira hutala. Ichi ndicho chigwa cha nyanja, dziko la mpunga, chinangwa, nsomba ndi thonje.

Salima ndi boma lozolowera kulandira zachilendo. Njanji yochokera ku Blantyre idafika kuno m'chaka cha 1935, ndipo idakhala ikuthera pompano mpaka mu 1979 pamene idapitirizidwa kukafika ku Lilongwe. M'chaka cha 2021 ku Nanjoka kudatsegulidwa malo aakulu opangira magetsi a dzuwa, a mphamvu ya mamegawati 60. Koma chachilendo chimene chalowa m'nyumba zambiri kuposa zonsezi n'chaching'ono, chokwana m'thumba la malaya. Tikunena lamya ya m'manja, pamodzi ndi Facebook, WhatsApp ndi TikTok zimene zimakhala m'menemo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mlendo uyu dzuwa lafika paliwombo iye asadakamuke. Ulendo wathu wa ku Chinguluwe udali wokaona mmene mabanja a kumeneko akukhalira naye.

Dera la thonje

Chinguluwe ili m'kati mwa chigwa, kapatali ndi mchenga wa kugombe. Dzina lake lidayamba kumveka kwambiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pamene boma, mothandizidwa ndi dziko la West Germany, lidayambitsa chitukuko cha ulimi m'chigwa cha Salima ndi kutsegula sikimu yokhazikitsapo alimi. Anthu ochokera m'madera osiyanasiyana adapatsidwa minda yopimidwa bwino, ndipo mbewu yaikulu yogulitsa idali thonje. Mpaka lero Chinguluwe ndi limodzi mwa magawo amene alangizi a zaulimi amagwiramo ntchito m'boma la Salima.

Thonje ndi mbewu ya adani ambiri. Mbozi zimaboola maluwa ndi zipatso zake zisadaphulike, nsabwe zimayamwa masamba, ndipo mankhwala ophera tizilombo timeneti ndi okwera mtengo. Chifukwa cha ichi alangizi akhala akuphunzitsa alimi kuti asamapopere mongoganizira. Mlimi ayenera kuyendera munda wake sabata iliyonse, kusankha mitengo uku ndi uku, kutembenuza masamba ndi kuwerenga mazira ndi mbozi zimene wazipeza. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri a thonje m'Malawi muno adakonza kathabwa ka ziboo ndi tizikhomo, kuti ngakhale mlimi wosadziwa kulemba azitha kusunga chiwerengero. Akapeza dzira kapena mbozi ankasuntha kachikhomo, ndipo kakafika pa malire oikika ankadziwa kuti tsopano nthawi yopopera yakwana.

Palinso lamulo lachiwiri. Akatha kutola thonje, mlimi amazula mitengo yonse ndi kuitentha, kuti munda ukhale miyezi ingapo wopanda thonje ndipo mbozi zisowe podya ndi poswana. Woumira mitengo yake kuti iphukenso amaweta mbozi za mudzi wonse.

Owerenga okondedwa, sungani mfundo ziwirizi, kuwerenga ndi kutseka, pakuti tidazipezanso zikugwira ntchito pa malo amene sitinkayembekezera.

Masiku a wailesi ya Nzeru

Akuluakulu amene tidacheza nawo pansi pa mtengo wa mango adatikumbutsa kuti nkhani sizidayambe ndi lamya. MBC idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 idali wailesi yokhayo ya dziko lino. Pa khomo pokhala wailesi ya Nzeru anansi ankasonkhana kudzamvera Kapalepale, Nkhani za m'Maboma ndi Mauthenga Achisoni. Koma wailesiyo idali ndi malire ake. Mabatire ankagulidwa ndi ndalama ya thukuta, ndipo akafooka ankayanikidwa pa dzuwa kuti apereke kamphamvu kotsiriza. Mwini nyumba ankadziwa pologalamu imene akuifuna, ankatsegula pa nthawi yake, ikatha n'kuzima. Nayo nyumba youlutsira mawu inkatseka usiku, dziko lonse n'kukhala chete.

Zinthu zidayamba kusintha mofulumira titalowa m'ulamuliro wa zipani zambiri mu 1994. TNM idayamba ntchito za lamya za m'manja mu 1995, ndipo Celtel, imene idadzatchedwa Zain mu 2008 kenaka Airtel mu 2010, idabwera mu 1999. M'chaka chomwecho cha 1999 kanema wa dziko lino adayamba kuonetsa zithunzi. Radio Islam idatsegulidwa mu 2001, Zodiak mu 2005. Airtel Money idafika mu 2012 ndipo Mpamba mu 2013, kotero kuti lamya idasanduka chikwama cha ndalama. Pamene lamya zagalasi zotsika mtengo zidafika m'misika, Facebook, imene idayambira ku America mu 2004, ndi WhatsApp ya mu 2009, zidalowa mpaka m'nyumba zaudzu.

Kusiyana kwa wailesi ija ndi lamya iyi kuli pawiri. Wailesi inkamveka bwalo lonse, ndipo chimene wamva bambo ndi chimene wamva mwana. Lamya imalankhula ndi munthu mmodzi payekha. Chachiwiri, pologalamu ya pa wailesi inkatha, pamene tsamba la Facebook kapena TikTok lilibe pothera. Chala chikakankha chithunzi chimodzi, china chabwera kale, ndipo kanema akatha mnzake amayamba yekha.

Zimenezi sizidangochitika. Kampani ya Meta, imene ndi mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, imapeza pafupifupi ndalama zake zonse kuchokera kwa otsatsa malonda. Maso a munthu akakhalitsa pa galasi, zotsatsa zimene angazione zimachuluka, ndipo kampani imapindula. Choncho makina awo amasunga kaundula wa chimene munthu wachiyang'ana, mphindi zimene waima pa icho ndi chimene wachidumpha, kuti mawa amupatse zofanana ndi zimene zidamukola dzulo. Kunena mwachidule, nthawi yathu ya pa lamya ikuwerengedwa kale mosamala kwambiri. Amene saiwerenga ndi mwini wake yekha. Zili ngati mlimi wopita ku msika wa thonje asadapime mabelo ake kunyumba, wongodalira sikelo ya wogula.

Madzulo pa malo ogulitsira malonda

Dzuwa likapendeka, moyo wa pa Chinguluwe umasonkhana pa timagolosale ndi m'misika ing'onoing'ono. Tidaona kanyumba ka sola pa denga, m'kati mwake lamya zitandandalikidwa pa thabwa ngati usipa pa thandala, iliyonse ikudikira moto. Pafupi pake padali kabenchi ka wogulitsa mayunitsi ndi kutumiza ndalama. Anyamata a kabaza adali atatsamira njinga zawo, mitu itawerama, ndipo wofuna ulendo ankachita kuwomba m'manja kuti amuone. Bawo idalipo pansi pa mtengo, koma oizungulira adali a imvi okhaokha.

Sitikunena izi monyoza. Pa benchi lomwelo tidaona mayi akulandira ndalama zochokera kwa mwana wawo wa ku Johannesburg, ndipo nkhope yawo idali ya munthu amene mtolo wamutsika pamutu. Mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja ali ndi wina wake ku Joni, ndipo kale kalata inkatenga masabata kuti ifike, mwinanso osafika. Lero agogo amaona nkhope ya mdzukulu wobadwira kutali tsiku lomwelo. Wogulitsa nsomba amafunsa mtengo wa ku Lilongwe asadakwere galimoto. Uthenga wa maliro umafika m'midzi khumi nthawi imodzi, chinthu chofunika kwambiri kwa ife amene sitigoneka maliro masiku ambiri. Munthu wouza anthu otere kuti ataye lamya ndiye kuti sakudziwa moyo wawo.

Funso tsono n'lakuti, pa maola onse amene lamya ikudya, ndi angati amene akupita ku zinthu zofunikazi, nanga ndi angati amene akungotayika ngati madzi a m'chidebe chobooka?

Kope la banja lina

Yankho tidalipeza pa khomo limene tidafikira. Bambo wa pamenepo ndi mlimi wa thonje, mayi amaphika mandasi ogulitsa, mwana wawo woyamba ali ku Joni, wachiwiri amapalasa kabaza, ndipo wachitatu ndi mtsikana wa ku sekondale. Palinso anganga, mayi awo a bambowo, amene sagwira lamya koma amaona zonse.

Pa khomopo padali kukangana kosatha. Bambo ankati ana atha nzeru ndi lamya, ana ankati bambo ndiwo amagona mochedwa kuposa aliyense, ndipo mayi ankati ndalama ya mandasi ikuthera ku mabandulo. Aliyense ankaloza mnzake, ndipo padalibe wovomera. Bambo ndiwo adatulukira nzeru yothetsera mkanganowo, ndipo adaitenga ku munda kwawo. Adati monga sapopera thonje asadawerenge mbozi, sadzadzudzulanso munthu asadaone chiwerengero.

Adagula kope la sukulu ndi kulipereka kwa mtsikana uja kuti akhale mlembi. Tsamba lililonse lidali la tsiku limodzi, ndipo lidagawidwa m'mizere inayi: dzina la munthu, nthawi imene wakhala pa lamya, chimene amachita, ndi ndalama imene wagulira bandulo. Tsiku adaligawa potsata nthawi za Swala, zimene aliyense pa khomopo amazidziwa popanda wotchi: kuchokera Subuhi kufika Dhuhuri, Dhuhuri kufika Asiri, Asiri kufika Magharibi, Magharibi kufika Isha, ndiponso kuchokera Isha mpaka tulo. Pofuna kuti pasakhale kunamizana, mtsikanayo adaonetsa onse malo a m'lamya amene amasonyeza maola. Kuyambira mu 2018 lamya zambiri za Android zili ndi gawo lotchedwa Digital Wellbeing, ndipo za iPhone zili ndi Screen Time, m'mene mumaoneka nthawi imene munthu wathera pa Facebook, pa TikTok kapena pa WhatsApp tsiku lililonse. Mulinso malo osonyeza chimene chadya bandulo kwambiri.

Adawerenga kwa masabata awiri osaletsa munthu chilichonse. Kopelo tidaliona ndi maso athu, ndipo lidaulula zinthu zitatu. Choyamba, aliyense ankakhala pa lamya nthawi yaitali kuposa mmene ankaganizira, bambo amene. Chachiwiri, mzere wodzaza kwambiri udali wa pambuyo pa Isha, nthawi imene kale idali ya kucheza pa mphasa ndi kugona. Chachitatu, kulankhula ndi mwana wa ku Joni, kufunsa mitengo ndi kulandira mauthenga a abale zidatenga kagawo kochepa zedi. Gawo lalikulu la nthawi ndi la ndalama lidapita ku timakanema ta anthu osawadziwa, pakuti kanema amadya bandulo kwambiri kuposa mawu olembedwa. Anganga atauzidwa zotsatirazi adangoseka ndi kukumbutsa adzukulu awo za pusi uja adagwa chagada chifukwa cha ichi chakoma ichi chakoma.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo banja lililonse lingathe kuwachita. Ola limodzi pa tsiku ndi maola 365 pa chaka. Tikawagawa m'masiku a maola 12, kuyambira kutuluka mpaka kulowa kwa dzuwa, akukwana masiku 30. Munthu wokhala pa lamya maola 3 pa tsiku wapereka miyezi 3 ya usana pa chaka, nthawi yokwanira kubzala chimanga, kupalira ndi kubandira.

Mwezi wotseka

Atawerenga, banjalo lidagwirizana zotseka. Adasankha mwezi wa Ramadhani, poti ndi mwezi umene thupi lidazolowera kale kuuzidwa kuti dikira. Facebook ndi TikTok adazichotsa m'lamya zonse. WhatsApp adaisiya m'lamya ya mayi yokha, chifukwa cha mwana wa ku Joni ndi mauthenga a abale, ndipo lamyayo inkakhala pa shelefu pabalaza pamene aliyense angaione.

Masiku oyambirira adali owawa. Mnyamata wa kabaza adatiuza kuti dzanja linkapita lokha m'thumba, n'kutulutsa lamya, n'kupeza kuti mulibe choyang'ana. Ankapsa mtima ndi zinthu zazing'ono, ndipo nthawi yodikira okwera inkaoneka yotalika koposa. Bambo nawo ankangotembenuka pa mphasa tulo tosabwera. Koma sabata yoyamba itatha zinthu zidayamba kukhazikika. Anthu ankagona akangobwera ku Tarawehe, ndipo kudzuka nthawi ya daku sikudalinso nkhondo. Pa futali ankayang'anana kumaso. Anganga adayambiranso nthano zimene adazisiya chifukwa chosowa omvera, ndipo mtsikana uja adapeza nthawi yobwereza masamu amene ankamuvuta. Mayi adaona kuti ndalama ya mandasi ikufika tsiku logula ufa ndi mafuta isadathe.

Chimene mtsikanayo adatiuza mwamanyazi ndicho chidatikhudza kwambiri. Adati kale akaona zithunzi za anzake a m'tauni atavala zovala zatsopano, nyumba ya kwawo inkamuonekera yonyozeka ndipo ankadziona wotsalira. Atasiya kuziona, nyumba idali yomweyo, zovala zomwezo, koma mtima udaleka kumuwawa.

Zotayika nazo zidalipo, ndipo banjalo silidatibisire. Mnyamata uja adamva mochedwa za maliro a bambo a mnzake wa ku sukulu, chifukwa uthenga udalengezedwa pa Facebook pokha, ndipo adachita kukapepesa mwambo utatha. Bambo, amene ankadziwika pa bwalo la bawo ngati wodziwa nkhani za ndale, adayamba kumva zinthu kwa anzawo. Adatsitsa wailesi imene idali pamwamba pa kabati, ndipo adapeza kuti nkhani zikuluzikulu zonse zimamvekabe, zosowa ndi mphekesera zokha.

Idi itapita aliyense adasankha njira yake. Bambo sadabwezeretse Facebook. Mtsikana adati adikira mpaka atalemba mayeso a Fomu 4. Mnyamata adabwezeretsa zonse, koma adavomera lamulo la pa khomo lakuti kuyambira Magharibi mpaka m'mawa lamya zimagona pa shelefu. Kope lija sadalitaye. Amalitulutsa sabata imodzi pakapita miyezi ingapo, monga mlimi amayendera munda ngakhale thonje likuoneka bwino.

Zimene ofufuza adapeza

Zimene lidaona banja la ku Chinguluwe zikufanana ndi zimene adapeza anthu ophunzira a kunja. M'chaka cha 2018 akatswiri a zachuma a ku Stanford University ndi New York University, motsogozedwa ndi Hunt Allcott ndi Matthew Gentzkow, adachita kafukufuku pa anthu oposa 2,700 a ku America. Ena mwa iwo adalipidwa kuti atseke Facebook kwa masabata 4 chisankho cha aphungu chisadachitike. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2020. Otsekawo adapeza nthawi yapadera pafupifupi ola limodzi pa tsiku, ndipo gawo lina adalithera pocheza ndi abale ndi abwenzi. Adanena kuti akumva bwinoko mumtima, ngakhale kusinthako sikudali kwakukulu. Kukondera kwawo pa ndale kudachepa, koma adatsalirako pa kudziwa nkhani zochitika m'dziko. Kafukufuku atatha, ambiri sadabwerere pa Facebook ndi changu chimene adali nacho kale.

M'chaka chomwecho ku University of Pennsylvania, Melissa Hunt ndi anzake adayesa njira ina pa ophunzira 143. M'malo motseka kotheratu, ena adauzidwa kuti asapitirire mphindi 10 pa tsiku pa Facebook, mphindi 10 pa Instagram ndi mphindi 10 pa Snapchat kwa masabata 3. Ochepetsawo adapezeka kuti kusungulumwa ndi kukhumudwa kwawo kwatsika poyerekeza ndi anzawo. Chinanso chidaoneka n'chakuti nkhawa idatsika ngakhale mwa amene sadauzidwe kuchepetsa, ndipo ofufuzawo adaganiza kuti kungoyang'anira nthawi yako pakokha kumathandiza.

Tiyenera kukumbukira kuti awa ndi anthu a ku America, amene bandulo siiwalanda ndiwo za tsikulo. Kwathu kuno phindu la kuchepetsa limaonekanso m'thumba. Komanso kwathu kuno mtengo wa mphekesera tidauona ndi maso. M'chaka cha 2017 nkhani za anamapopa zidafala m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi ena a kum'mwera, ndipo anthu osalakwa adaphedwa. Mphekesera zotere zidalipo lamya zisadabwere, koma lero zimayenda pa liwiro la chala. Lamya yomweyo, pamene namondwe wa Freddy adasakaza chigawo cha kum'mwera mu Malichi 2023, idathandiza anthu kufunafuna abale awo ndi kusonkhanitsa thandizo. Mpeni ndi umodzi, wosenda chinangwa ndi wocheka chala.

Phunziro la ku Mbenje

Tisadachoke m'boma la Salima tidalowera kugombe la Chikombe, kumene asodzi amakwerera mabwato opita ku chilumba cha Mbenje. Chilumba chimenechi chili m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, ndipo n'chodziwika chifukwa cha utaka. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko akhala akusunga lamulo lakuti chilumba chimatsekedwa mu Disembala ndi kutsegulidwa mu Epulo. Nyengo imeneyi asodzi onse amachoka, ndipo nsomba zimaswana popanda chosokoneza. Chikatsegulidwa palinso malamulo ena okhwima, monga oletsa mowa, chamba ndi juga pa chilumbapo, ndipo wolakwa amathamangitsidwa.

Asodzi a ku Mbenje sadana ndi nyanja. Nyanja ndiyo munda wawo, ndiyo sukulu fizi ya ana awo. Amatseka chifukwa amafuna kudzapezamo kanthu chaka chamawa. Ndipo lamulo lawo lakhalitsa chifukwa n'la onse. Msodzi mmodzi atati asiye yekha kuponya chilimira pamene anzake akukokabe, akadangogona ndi njala, nsomba osachuluka. Chimodzimodzinso pa khomo. Mwana wolandidwa lamya pamene bambo ake akuseka okha ndi galasi m'chipinda saphunzirapo kanthu koma mkwiyo. Banja la ku Chinguluwe lidapambana chifukwa dzina loyamba m'kope lidali la mwini khomo.

Kwa ofuna kuyesa

Banja lofuna kuyesa njirayi silifunika zambiri. Kope limodzi ndi cholembera n'zokwanira. Yambani ndi kuwerenga kwa masabata awiri, popanda kudzudzula kapena kuletsa munthu, ndipo mlembi akhale mmodzi mwa ana kuti aone kuti akulu nawo akupimidwa pa sikelo yomweyo. Lembani nthawi, chochitika ndi ndalama. Masabata awiriwo akatha khalani pansi nonse, mulekanitse zimene zikudyetsa banja ndi kulumikiza abale ndi zimene zikungodya nthawi.

Mukafuna kutseka, ikani tsiku loyambira ndi tsiku lothera, pakuti ngakhale Mbenje amatsegulidwa. Dziwitsani abale, anzanu a ku banki m'khonde ndi makasitomala kuti uthenga wofunika, makamaka wa matenda ndi maliro, azichita kukuimbirani. Pa WhatsApp mungathe kuletsa kuti zithunzi ndi makanema zisamalowe zokha m'lamya, ndiponso kutontholetsa magulu aphokoso popanda kutulukamo ndi kukhumudwitsa anthu. Konzeranitu chimene chidzalowe m'malo mwa lamya madzulo, kaya ndi kuwerenga ndi ana, kuluka mphasa, kusoka ukonde kapena kukaona odwala, chifukwa munda wosiyidwa wopanda mbewu umamera udzu. Ndipo musadabwe masiku oyamba akakhala olemera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Si onse adzasankhe zofanana pamapeto pake. Wogulitsa nsomba amene makasitomala ake ali pa WhatsApp sangachite monga mwana wa sukulu wokonzekera mayeso, ndipo mayi amene mwamuna wake ali ku Joni sangachite monga amene banja lake lonse lili pa khomo. Chofunika n'chakuti chisankhocho chichokere pa chiwerengero chimene mwachiona nokha, ndipo chikhale chanu.

Nyengo ya thonje ikadzafikanso, alimi a ku Chinguluwe adzalowa m'minda m'mamawa, mame asadakamuke, kutembenuza masamba limodzilimodzi ndi kuwerenga. Ku Chikombe, Disembala akadzakwana, mabwato adzabwerera kumtunda ndipo chilumba chidzatsala ndi mbalame zokha. Ife a m'mbali mwa nyanja nzeru zimenezi tidakula nazo. Chatsala n'kuzilowetsa m'nyumba, pa shelefu ya pabalaza.